Nyambo ya chimanga ndi agwape a ku America: kumene lamulo limalola ndi kumene limaletsa

Mlenje wa ku Texas akhoza kuimika mgolo wa chimanga pamalo ake, n'kuutchera wotchi yoti m'mawa ndi madzulo uziwaza chimangacho pansi, iye n'kukwera pansanja ndi mfuti kudikira gwape. Palibe amene angamufunse kanthu. Mnzake wa ku Minnesota atachita zomwezo, ngakhale ndi ndowa imodzi yokha, akhoza kulandidwa mfuti, kulipitsidwa chindapusa ndi kuletsedwa kusaka agwape kwa chaka chathunthu. Dziko ndi lomwelo, gwape ndi yemweyo, chimanganso ndi chomwecho. Chasiyana ndi mwini lamulo.

Ku United States nyama yakutchire si ya mwini munda umene yaimapo. Imaonedwa ngati chuma cha anthu onse, ndipo wosunga chumacho ndi boma la chigawo chilichonse mwa zigawo 50 zimene eni ake amazitcha state. Khoti lalikulu la dzikolo linatsindika mfundo imeneyi pa mlandu wa Geer v. Connecticut mu 1896, ndipo ngakhale milandu ina pambuyo pake inakonzako mbali zina, mphamvu yoika nyengo yosaka, chiwerengero cha nyama zophedwa ndi njira zosakira idakali m'manja mwa zigawo. Boma lalikulu la ku Washington limalowererapo makamaka pa mbalame zoyenda maiko monga abakha ndi atsekwe am'tchire, pa malo amene ndi ake, ndiponso pa nyama yodutsitsidwa malire a zigawo. N'chifukwa chake funso loti "kodi nyambo ya agwape ndi yololedwa ku America?" lilibe yankho limodzi. Muyenera kutchula chigawo, boma laling'ono la m'chigawomo lotchedwa county, mwini wa malo, tsiku, kuchuluka kwa nyambo ndi chimene mwathiracho.

Tikamati gwape pano sitikunena kagwape kathu kam'tchire kaja. Tikunena nyama yokula kuposa mbuzi yaikulu, ya mchira woyera kunsi, imene yamphongo yake imaphuka nyanga za mphandamphanda n'kuzigwetsa chaka ndi chaka. Cha m'ma 1900 inali itatsala pang'ono kutha chifukwa cha kusaka kogulitsa. Lero agwapewa alipo pafupifupi 30 miliyoni, ndipo kuchuluka kumeneku ndi kumene kumautsa mkangano wonse wa nyambo.

Mawu oti nyambo pawokha ali ndi tanthauzo la m'lamulo, ndipo alenje ambiri amagwera pomwepa. Kawirikawiri nyambo ndi chakudya chilichonse chimene munthu wanyamula n'kukachiika, kuchiwaza kapena kuchiunjika kuti chikope nyama: chimanga chotonola, maapozi, karoti, maungu, beet wopangira shuga, chiponde, zakudya za ziweto za m'matumba. Koma munda wodzalidwira agwape, wa clover, tirigu, oats kapena mpiru wa turnip, nthawi zambiri suwerengedwa ngati nyambo ngakhale m'zigawo zoletsa. Chimanga chosiyidwa chili chiimire m'munda si nyambo. Njere zotayika pokolola ndi makina si nyambo, pakuti ndi zotsatira za ulimi wamba. Koma mukakolola chimangacho, n'kuchitonola, n'kukachibweza pamunda womwewo, chasanduka nyambo. Wina anganene kuti pamenepa lamulo likungosewera ndi mawu, popeza munda ndi mulu zonse zimakopa gwape. Kusiyana kulipo ndithu. Pamunda wa maekala awiri agwape amadya motalikirana, aliyense pake. Pamulu wa chimanga mphuno khumi zimagundana pakadothi kochepa ngati mphasa, usiku uliwonse, kwa miyezi.

Mchere ndiye uli pakati. Ku Missouri ndi ku Minnesota chibuma cha mchere wokhawokha sichiwerengedwa ngati nyambo, koma chikangosakanizidwa ndi njere kapena chakudya china chimalowa m'gulu loletsedwa. Zibuma zambiri zogulitsidwa m'masitolo a alenje zili ndi zotsekemera kapena ufa wa njere, choncho kuwerenga zolembedwa pachikutiro si mwambo chabe. Ku New York ngakhale mchere wokhawo ndi woletsedwa. Palinso mafungo okopa agwape amphongo: ku Virginia anathetsa kugwiritsa ntchito mkodzo weniweni wa agwape mu 2015, ku Vermont mu 2016, n'kusiya wopangidwa ndi mankhwala okha. Sitolo kugulitsa chinthu sikutanthauza kuti mukhoza kusakira nacho m'chigawo chomwecho.

Zigawo zololeza zachuluka kummwera ndi pakati pa dzikolo. Ku Texas, kumene malo oposa 90 peresenti ali m'manja mwa anthu osati boma, mgolo wa chimanga ndi mbali ya moyo wa alenje. Chigawo cha Georgia chinalola nyambo kummwera kwake mu 2011, n'kufutukulira chilolezocho kumpoto mu 2018, pa malo a anthu okha ndiponso ndi chilolezo cha mwini malo. Ku Alabama anasankha njira ya ndalama: mu 2019 anakhazikitsa laisensi yapadera ya nyambo, imene poyamba inali madola 15 kwa nzika ya chigawocho ndi madola 51 kwa mlendo. Laisensiyo ndi ya munthu, si ya mgolo, kotero aliyense wosaka pamalo a nyambo ayenera kukhala ndi yake. Ku Ohio nyambo ndi yololedwa pamalo a anthu koma yoletsedwa pamalo a boma osakirapo ndi m'madera amene akufufuzidwa matenda.

Oletsa kotheratu alipo ambiri: Minnesota, New York, Illinois, Missouri, Virginia ndi ena. Chigawo cha Pennsylvania chimaletsa nachonso, kupatula kadera ka kummwera chakummawa kozungulira mzinda wa Philadelphia, kumene agwape achuluka pakati pa nyumba za anthu ndipo nyambo imathandiza kuwakokera pamalo poti mlenje awombere popanda ngozi.

Zigawo zofunika kuziona bwino ndi ziwiri zoyandikana, Wisconsin ndi Michigan, chifukwa kumeneko lamulo limasintha mukangowoloka msewu.

Ku Wisconsin, m'ma county amene nyambo idakali yololedwa, malire ake ndi magaloni 2, amene ndi malita pafupifupi 7.6, pa maekala 40 aliwonse. Nyambo imodzi iyenera kutalikirana ndi inzake ndi mayadi 100, kapena kuti mamita 91, ndipo isayandikire msewu, njira kapena malo ogona a anthu onse kuposa mayadi 50. Simuloledwa kuyamba kuthira mpaka tsiku loti mawa lake nyengo ya uta ndi mivi itsegulidwa. Mgolo wodziwaza wokha uja wa ku Texas ndi woletsedwa, pamodzi ndi chilichonse chimene chimatsitsa chakudya chokha china chikatha. Cholinga chake n'choti magaloni 2 akhaledi 2, osati mulu umene sumatha. Koma gwape mmodzi yekha akangopezeka ndi matenda owondetsa agwape otchedwa CWD kapena chifuwa chachikulu cha ng'ombe, kaya wakutchire kaya woweta m'khola, county yonseyo imatsekedwa kwa zaka 3: palibe nyambo, palibe kudyetsa agwape ngakhale kongofuna kuwaonera pakhomo. County yoyandikana nayo, ngati ili mkati mwa mamailosi 10 kuchokera pamene panapezeka nyamayo, imatsekedwa kwa zaka 2. Akapezeka gwape wina wodwala, kuwerenga kumayambiranso pa 1. Zotsatira zake n'zoti ma county ambiri a chigawocho ndi otsekedwa, ndipo mapu amatha kusintha nyengo yosaka ili mkati. Kabuku ka malamulo kamene munatenga mu Ogasiti kakhoza kukhala katatha ntchito pofika Novembala.

Michigan yagawika pawiri ndi madzi. Kumtunda, ku Upper Peninsula, nyambo imaloledwa kuyambira pa 15 Sepitembala mpaka pa 1 Januwale, magaloni 2 pamalo amodzi, ndipo iyenera kuwazidwa pansi pamalo osachepera mafiti 10 mulitali ndi 10 mulifupi, kapena kuti mamita 3 mbali zonse. Kuunjika mulu n'kulakwa ngakhale muyeso uli wolondola. Kumunsi, ku Lower Peninsula, nyambo inaletsedwa mu 2008 atapeza CWD mwa gwape woweta ku Kent County. Chiletsocho chinachotsedwa mu 2011. Mu 2015 matendawo anapezeka mwa gwape wakutchire ku Ingham County, ndipo chiletso cha dera lonselo chinabwereranso pa 31 Januwale 2019. Aphungu a chigawocho anavomereza bilo yochichotsa chaka chomwecho, koma bwanamkubwa Gretchen Whitmer anakana kuisaina. Mbiri ya kutsegula ndi kutseka imeneyi ikusonyeza kuti nkhaniyi ndi ya ndale monga ilili ya sayansi, pakuti pali alimi amene ankapeza ndalama pogulitsa karoti ndi beet wosafika pa msika kwa alenje.

Kale mkangano unali wa ulemu wa mlenje. Bungwe la alenje la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, anayambitsa mu 1887, linafalitsa mfundo yoti nyama iyenera kukhala ndi mwayi wothawa, ndipo ena mpaka lero amaona kuwombera gwape amene wazolika mutu m'chimanga ngati kupha mbuzi m'khola. Koma chimene chikulemba malamulo masiku ano ndi matenda.

Oyamba kuphunzitsa anthu phunziro lowawa anali matenda a chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Kumpoto chakummawa kwa Lower Peninsula magulu a alenje ankathira chakudya cha agwape ndi malole nyengo yonse yozizira. Mu 1994 mlenje anapha gwape wa chifuwacho ku Alpena County, ndipo kafukufuku anapeza kuti matendawo akhazikika pakati pa agwape eni ake. Anafikanso m'makola a ng'ombe, moti mu 2000 Michigan inachotsedwa pa mndandanda wa zigawo zopanda matendawo. Alimi a ng'ombe ndi amene analipira.

CWD ndi yoopsa kuposa pamenepo. Dzinali ndi chidule cha chronic wasting disease, kutanthauza matenda owondetsa pang'onopang'ono. Inaonedwa koyamba mu 1967 mwa agwape osungidwa pamalo a kafukufuku ku Colorado. Ku Wisconsin inalengezedwa mu 2002, ndipo tsopano yafika m'zigawo zoposa 30, ku Canada, komanso ku Norway kumene inapezeka mu 2016. Choyambitsa chake si kachilombo ka bakiteriya kapena vayirasi. Ndi puloteni yopindika molakwika yotchedwa prion, ya mtundu umodzi ndi imene imayambitsa misala ya ng'ombe. Ilibe mankhwala, ilibe katemera, ndipo nyama iliyonse yoitenga imafa. Choipitsitsa n'choti gwape amatha chaka ndi theka kapena zaka ziwiri akuoneka wathanzi, uku akutulutsa prion m'malovu, mumkodzo ndi m'ndowe. Prion ikagwera pansi imamatirira ku dothi, makamaka la dongo, n'kukhala yopatsira matenda kwa zaka. Kuphika sikuipha. Palibe munthu amene watsimikizika kuti anadwala chifukwa cha CWD, koma bungwe la zaumoyo la CDC limalangiza kuti nyama ya gwape wopezeka ndi matendawo isadyedwe.

Tsono ganizirani mulu wa chimanga. Gwape wodwala watafuna, walavula njere zonyowa, wanyambita dothi. Pambuyo pake pabwera mabanja atatu kapena anayi a agwape amene mwachibadwa sakanakumana, n'kudya pamalo omwewo. Otsutsa chiletso amayankha kuti agwape amanyambitana kale, amakumana pansi pa mitengo ya zipatso, ndipo CWD inafalikira ngakhale m'zigawo monga Illinois kumene nyambo ndi yoletsedwa. Zimenezo n'zoona. Chiletso sichithetsa matendawa. Koma mwa njira zonse zimene agwape amapatsirana, mulu wa nyambo ndi imene anthu anaipanga okha, ndipo ndi imene angathe kuichotsa ndi cholembera. M'dera limene matenda apezeka, ife tikuona kuti chiletso n'choyenera, ngakhale chikupweteka mlenje wokalamba kapena wa maekala 5 okha amene alibe njira ina yokokera gwape kumalo ake. Dandaulo la munthu wotereyu ndi lenileni. Michigan inalimva pang'ono polola alenje olumala kugwiritsa ntchito nyambo pa masiku apadera osakira.

Ngakhale kumene kulibe matenda opatsirana, chimanga chimatha kupha chokha. Gwape amabzikula ngati mbuzi, ndipo tizilombo ta m'chifu mwake timazolowera chakudya cha nyengo. M'nyengo ya chipale amadya timitengo ndi masamba ouma. Akapeza chimanga chambiri mwadzidzidzi, chifu chimawawasa ndi asidi, chimaleka kugwira ntchito, ndipo nyama imatha kufa m'masiku ochepa mimba ili yodzaza. Woweta mbuzi aliyense amene ziweto zake zinalowapo m'nkhokwe akudziwa mmene zimathera. Palinso chuku. Chimanga chotsika mtengo chogulitsidwira agwape, makamaka chikanyowa pansi kapena mumgolo, chimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, yemwe uja amavutitsa alimi a mtedza ndi chimanga kwathu kuno. Nkhukundembo zakutchire ndi zinziri zimene zimatola njere zotsala ndi zimene zimavulala msanga. Kumene nyambo ndi yololedwa, thirani pang'ono poti zithe tsiku lomwelo, wazani motambalala, ndipo thumba lonunkha chinyontho kapena la njere zobiriwira litayeni kumene nyama sizifika. Dziwaninso kuti nyambo yochuluka imaphunzitsa agwape akuluakulu kubwera usiku wokha, nthawi imene kuwombera n'koletsedwa, moti mlenje amangodyetsa nyama zimene saziona.

Milandu yambiri imagwera anthu amene ankaganiza kuti akonza zonse. Cholakwa chofala kwambiri ndi kuwerenga masiku. Malo othiridwa nyambo amakhalabe "a nyambo" m'maso mwa lamulo ngakhale chakudya chachotsedwa: masiku 10 ku Minnesota, Missouri ndi Illinois, masiku 30 ku Pennsylvania. Kuwerengaku kumayamba tsiku limene njere yomaliza yachoka, osati tsiku limene munasiya kuthira. Munthu amene anathira chimanga patsogolo pa kamera yake ya m'tchire mu Sepitembala kuti aone agwape a m'deralo, n'kusiya agwapewo kuti amalize okha, sadziwa tsiku lenileni limene chinatha. Woyang'anira nyama zakutchire akapeza njere zochepa m'masamba ouma, mlandu wakwana. Ku Virginia ngakhale kudyetsa agwape popanda kusaka n'koletsedwa kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka Loweruka loyamba la Januwale.

Kenako pali nyambo ya munthu wina. Mnzanu wakuitanani kukasaka pamalo ake, wakulozerani nsanja, inu mwakwera mdima usanachoke. Kukacha mukuona chimanga pansi. Pa mbalame zoyenda maiko, lamulo la boma lalikulu kuyambira mu 1998 limafunsa ngati mlenje ankadziwa kapena anayenera kudziwa, ndipo zigawo zingapo zimatsata mawu ofanana pa agwape. Mawu oti "anayenera kudziwa" amatanthauza kuti kusayang'ana si chodzitetezera. Funsani mwini malo mosapita m'mbali, ndipo yenderani pozungulira nsanja masana tsiku losaka lisanafike. Zizindikiro zake ndi dothi lopondedwa kwambiri ngati pakhomo pa khola, kadzenje konyambitidwa, zitsononkho, makoko a maapozi kumene kulibe mtengo wa maapozi. Mukaziona muli kale pansanja, chotsani chipolopolo mumfuti, tsikani, chokani.

Mtunda nawonso umasokoneza. Zigawo zina zimatchula nambala: ku Alabama, kwa amene alibe laisensi ya nyambo, chakudya chiyenera kukhala kupitirira mayadi 100 ndiponso chobisika ndi mitengo kapena chitunda chachilengedwe. Zigawo zina sizitchula nambala konse, zimangoletsa kusaka mothandizidwa ndi nyambo. Kumeneko kukhala panjira imene agwape amadzera popita ku mulu, ngakhale patali ndithu, kukhoza kukhala mlandu. Musatenge nambala ya chigawo china n'kukaigwiritsa ntchito kwina.

Malo a boma ali ndi malamulo awoawo. M'malo otetezera nyama a boma lalikulu, otchedwa National Wildlife Refuge, nyambo ndi yoletsedwa ngakhale chigawo chozungulira chikuloleza, kupatula ku Alaska kumene kuli dongosolo lina. Zigawo zambiri zololeza zimaletsanso pamalo awo osakirapo anthu onse. Mpanda umodzi ukhoza kulekanitsa malo ololedwa ndi oletsedwa.

Chilango sichithera m'chigawo chimene mwalakwira. Pali mgwirizano wa zigawo wotchedwa Interstate Wildlife Violator Compact, umene unayamba mu 1989 ndi Colorado, Nevada ndi Oregon, ndipo lero pafupifupi zigawo zonse zili momwemo. Mukalandidwa ufulu wosaka m'chigawo chimodzi, zinazo zikhoza kukukanizani laisensi. Ndipo mukanyamula nyama kapena nyanga za gwape wophedwa pa nyambo yoletsedwa n'kuwoloka nazo malire a chigawo, mwagwa m'lamulo la Lacey Act la 1900, limene ndi la boma lalikulu. Lamuloli limaona kulipira munthu wokutsogolerani kosaka ngati malonda a nyama, kotero ulendo wolipira umene unachitikira pa nyambo yoletsedwa ukhoza kufika pa mlandu waukulu, umene chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende.

Musanathire kanthu, tsegulani tsamba la pa intaneti la nthambi yoona za nyama zakutchire ya chigawocho ndi kuwerenga malamulo a chaka chimenecho, osati a chaka chatha. Pezani tanthauzo la nyambo monga alilembera, onani mapu a madera a matenda, tsimikizani county ndi mwini wa malo amene nsanja yanu ili. Pamene mawu sakumveka, imbirani woyang'anira nyama wa deralo n'kulemba dzina lake ndi tsiku. Muyeso wa magaloni 2 uyezeni ndi chidebe chodziwika kukula kwake, pokumbukira kuti zotsala za dzulo zimawerengedwa pamodzi ndi za lero.

Chovuta kuchotsa kuposa zonse ndi mchere. Chibuma chikakhala pachitsa kapena pansi kwa miyezi, mvula imasungunulira mcherewo m'dothi, ndipo agwape amapitiriza kukumba ndi kunyambita pamalopo chibumacho chitachoka kalekale. Ku Pennsylvania zotsalira zotere zimawerengedwa ngati nyambo, moti masiku 30 sayamba kuwerengedwa mpaka zitachotsedwa. Kunyamula chibuma chokha sikukwanira. Dothi lonse lolowa mchere liyenera kukumbidwa n'kuchotsedwa pamodzi ndi chitsa chonyambitidwacho, dzenje n'kukwiriridwa ndi dothi latsopano ndi miyala pamwamba. Ngati patapita masiku angapo kamera ikuonetsabe agwape akupalasa pomwepo, mchere udakalipo, ndipo chotsala ndi kusamutsa nsanja.